Thanga Lokana Kukulungika

Magetsi azimanso? Basi, chigayo chaima. Tikhala pano mpaka chimanga chathu chimere m'zidebemu. Khalani pansi, ana inu, kuimirira sikuyatsa magetsi. Sendera uko iwe, mthunzi uwu ndinayamba kuuona ndine.

Iwe wa duku lachikasu, dzina lako ndani? Mwandida? Ndakumvatu, Mwandida. Usaone makwinyawa, makutu anga ndi a namwali. Wamuuza mnzakoyo kuti, "Ukandimverere kusukulu zimene akanene aphunzitsi za mayeso, ine ndikudikira ufa." Hee! Kandimverere! Ukumudziwa Kandimverere iwe? Ine ndikumudziwa. Anali mlongo wanga, tinayamwa bere limodzi. Mwambi mumalemba m'makope mwanu uja unabadwira pakhomo panga, ndipo unandidyera mbale ziwiri. Mukuseka? Sekani. Ine NaKwenda sindinapondeko kusukulu, nanga bodza ndikanaliphunzira kuti?

Amuna anga, bambo a Lute, anali ndi boti la matabwa loyenda ndi mphepo. Ndati anali nalo, koma kunena zoona silinali lawo okha. Linali la malemu amalume awo, ndiye mwa mwambo wathu linali la mbumba yonse, iwo ankangoligwirizira. Ankanyamula nalo nkhuni, mpunga, anthu, mbuzi, kuchoka padooko pathu kupita kumsika wa kuseri kwa phiri lija limalowa m'nyanja.

Botilo linali ndi mathanga awiri. Thanga ndi chinsalu chija chimagwira mphepo, ndikuuzeni inu obadwira pa injini. Lalikulu linali pamlongoti, pakati pa boti. Limenelo silinkavuta, chingwe chake chinkafika kumbuyo kumene munthu amakhala ndi chiwongolero. Lovuta linali laling'ono, la kumphuno kwa boti. Mwera ukafika, ndipo umafika osaodira ngati apongozi, thanga lakutsogolo limafunika kulitsitsa msangamsanga, apo ayi limakokera boti kumene likufuna lokha. Ndiye munthu ankayenera kusiya chiwongolero, kukwawa pamwamba pa matumba mpaka kumphuno, kulimasula, n'kukwawanso kubwerera.

Ali anyamata, bambo a Lute ankachita zimenezi ngati pusi. Koma bondo lakumanja linayamba kutupa, imvi zili mbuu, ndipo chaka china anagwera m'madzi kawiri. Kachiwiriko anawavuula asodzi, atawakola mu ukonde pamodzi ndi utaka.

Ine ndinati, "Bambo a Lute, pezani munthu wokuthandizani."

Iwo amvekere, "Wothandiza wa chiyani? Boti la amuna awiri limasochera."

Mutu wa munthu uja, abale, ukanatha kuswa mtedza.

Tsono kunabwera mlongo wawo, alamu anga a Esinati. Mayi wamfupi, wosaseka chisawawa, wolankhula kamodzi. Anali ndi mwana wawo Yotamu, bambo wa ndevu zake ndi ana atatu, amene ankaliyang'ana botilo ngati fisi akamayang'ana khola. A Esinati anakhala pamkeka, osalawa n'komwe thobwa ndinawapatsa, n'kunena kuti:

"Achimwene, ine sindikufuna kudzalira maliro opanda mtembo. Botili perekani kwa Yotamu."

"Ndikafa adzatenga."

"N'zimene ndikukanazo. Mverani. Mwezi uno ukatha, ndidzakwera nawo kupita kumsika. Mukakafika ndi kubwera osakwawira kumphuno, boti ndi lanu mpaka tsiku mudzalisiye nokha. Koma mukadzangokwawa, ngakhale kamodzi, Yotamu adzatenga tsiku lomwelo."

Bambo a Lute anavomera, chifukwa munthu wamakani savomereza kuti waopa. Koma masiku atatu anakhala osadya bwino. Botilo, ana inu, linali miyendo yawo. Pamtunda ankatsimphina, pamadzi ankathamanga kuposa mnyamata aliyense.

Ndiye kunamveka mbiri. Ku Kamwala, ulendo wa theka la tsiku pansi, kunali mmisiri wa maboti, Che Bwanali. Iyeyu anagwirapo ntchito kumalo kwina kogona alendo, kumene kunali timaboti ta azungu, ndipo anaonera nzeru ina n'kuipanga paboti lake ndi zinthu zapamudzi. Akuti thanga lake lakutsogolo silinkatsitsidwa. Munthu ali khale kumbuyo, amangokoka kachingwe, thanga n'kudzikulunga lokha pansungwi ngati mkeka.

Ine nditamva ndinaomba m'manja. "Si izi nanga! Pitani kwa Che Bwanali akakuonetseni."

"Ndani? Ine?"

"Nanga bondo lotupa ndi langa?"

"Mayi a Lute, Bwanali ndinamuphunzitsa kupalasa ndine. Anali kulira m'bwato, mamina ali chuu. Lero ine ndikagwade pakhomo pake kuti andiphunzitse thanga? Nyanja yonse ikaseke?"

"Nyanja yonse inaseka kale tsiku munatuluka mu ukonde muja."

Anangotembenukira kwa mlongo wanga Sandalamu, amene anali pakhonde kumaliza mbatata zanga. Sandalamu anali munthu wamkulu, zaka makumi anayi, mkazi anamuthawa kalekale, ndipo ntchito imene ankaidziwa bwino inali kufika pakhomo pa munthu nthawi ya chakudya.

"Alamu," anatero amuna anga, "inu miyendo yanu ndi yabwino. Mupite ku Kamwala ngati mukungodutsa. Musakanene kuti ndakutumani ndine. Mukamufunse Bwanali za thanga lakelo, mukandimverere zonse, mudzandiuze."

Ine ndinati, "Sandalamu? Uyu ndinamutuma singano n'kundibweretsera nzimbe?"

"Achemwali, musandinyoze," anatero Sandalamu, mbatata ili m'kamwa. "Mutu uwu ndi wailesi. Chalowa sichituluka."

"Ndiye vuto lake lomwelo," ndinatero ine.

Anapita Lolemba. Ulendo wa theka la tsiku. Lachiwiri zii. Lachitatu zii. Anabwera Lachisanu, atameta, malaya ochapa, kaduwa kofiira kali pathumba. Bambo a Lute anamukhazika pansi asanamwe ndi madzi omwe.

"Tiuzeni, alamu. Mwaona chiyani?"

"Alamu, pakhomo paja! Simunaone. Maluwa! Ofiira, achikasu, ena oyera ngati ufa woyera. Ena anawabzala m'mitsuko yosweka, ena akwera mpanda mpaka padenga. Ndipo amawasamala ndi mlongo wake wa Che Bwanali, Abiti Sumani, wamasiye, koma mukamuona akuthirira…"

"Thanga, alamu."

"Eya, thanga. Lilipo. Tinakhala pabenchi pakati pa maluwa pomwepo, Che Bwanali akufotokoza. Fungo lake, alamu, makamaka oyera aja…"

"Thangalo limakulungika bwanji?"

Ndikuuzeni, ana inu, kuchotsa nkhani ya thanga m'kamwa mwa Sandalamu kunali ngati kutola mpunga mumchenga. Mawu awiri a chingwe, mawu khumi a maluwa. Komabe pang'onopang'ono tinatolera. Akuti pamafunika nsungwi yaitali yowongoka, yoboola mfundo zonse, kuti chingwe cholimba chija chimachoka pamwamba pa mlongoti kufika kumphuno chidutse m'kati mwake. Thanga mumalisokerera kunsungwiko. Pansi pa nsungwi mumaikapo kagudumu, konga kaja kamakhala ndi ulusi wa makina osokera, koma kakakulu. Pakagudumupo mumakulungapo chingwe chofika kumbuyo. Mukakoka chingwe, kagudumu kamazungulira, nsungwi imazungulira, thanga limakulungika.

"Basi?" anafunsa bambo a Lute.

"Basi. Anatchulanso kena kake ka mphepo kumapetoko, koma nthawi imeneyo Abiti Sumani anandipempha kuti ndimugwirire ndowa. Sikanali kofunika."

Ine khutu linaima. "Kena kake kotani?"

"Achemwali, nanunso. Mphepo ndi mphepo. Alamuwa akhala pamadzi zaka makumi atatu, angawauze chiyani Bwanali za mphepo?"

Amuna anga anamwetulira mpaka mano a m'mbali. Sandalamu ankadziwa pomukanda munthu.

"Bambo a Lute," ndinatero, "pitani mukafunse kena kakeko. Ndi theka la tsiku lokha. Ndikuperekezani."

"Mayi a Lute, za boti zisiyireni amuna."

Chabwino. Ndinawasiyira amuna. Ndipo amunawo, mmawa mwake, analowa m'khitchini mwanga n'kutenga mbale zanga ziwiri zachitsulo, za mkombero wobiriwira, zimene anandipatsa mayi anga tsiku la ukwati. Anaziboola pakati ndi msomali, khoo, khoo, khoo, n'kuziika chofulatirana, kachipika pakati, ati ndiye kagudumu. Nditafika ndinapeza zatha kale.

"Mbale zanga!"

"Tidzagula zina," anatero amuna anga osatukula mutu. Mpaka lero ndikudikira.

Anagwira ntchito sabata yathunthu, ndipo ndisaname, inali yooneka bwino. Tsiku loyesa anasankha mmawa, boti lili pamchenga, mphepo ili zii, ngakhale tsamba osagwedezeka. Anatambasula thanga, anakulunga chingwe pambale zanga kakhumi ndi kawiri, bambo a Lute n'kukhala kumbuyo ngati bwana. Anakoka. Nsungwi inazungulira, thanga linakulungika lonse bwinobwino, ndipo pamene kansonga komaliza kanalowa, chingwe nachonso chinathera pomwepo pakagudumu. Ndendende. Anayesa kasanu, kasanu konse chimodzimodzi.

"Mwaona?" anatero Sandalamu. "Wailesi!"

Chingwe chinatsalako mikono ingapo. Bambo a Lute sankakonda kuononga chinthu. Anadula chotsalacho n'kukamangira mbuzi.

Muikumbukire mbuzi imeneyo.

Mwezi unatha. A Esinati anafika padooko dzuwa litangotuluka, atavala chitenje chatsopano, ambulera m'manja. Ine ndinakwera nawo, chifukwa mbale zanga zinali m'botimo ndipo ndinkafuna kuona ntchito imene zinafera. Sandalamu nayenso anakwera, ati akaone zipatso za nzeru zake.

Popita zinayenda bwino. Kamphepo kofewa, madzi ali see. Titafika kumsika, bambo a Lute anakoka kachingwe ndi zala ziwiri, thanga n'kudzikulunga, anthu padooko kukamwa yasa. Anayang'ana mlongo wawo. A Esinati anangoti, "Kubwerera kulipo."

Tinanyamuka masana, dzuwa lili paliwombo, boti litadzaza matumba a mpunga. Tikuzungulira phiri lija, pamene pali miyala yakuda imene ng'ona zimaothera dzuwa, ndinaona madzi kummwera ada bii, tinsonga toyera tikuthamangira kwa ife. Mwera.

"Khalani phee," anatero bambo a Lute. "Onani mmene amachitira amuna."

Anatsitsa thanga lalikulu ali pomwepo. Kenaka anagwira kachingwe kaja n'kuyamba kukoka. Mphepo inali itafika kale, thanga lakutsogolo litakungika ngati ng'oma. Anakoka ndi manja awiri. Nsungwi inazungulira molira, kwii, kwii, thanga likulowa, likulowa, likulowa. Kenaka gwa! Chingwe chinaima.

Ndinayang'ana kutsogolo. Pambale zanga panalibenso chingwe, chonse chinali chitatha, kwatsala mfundo yokha. Koma thanga linali lisanathe. Kunatsala chinsalu chachikulu ngati chitenje, chitatupa ndi mphepo, chikukokera mphuno ya boti kumiyala kuja.

"Alamu! Chathatu!" anakuwa bambo a Lute.

"Chatha chiyani?"

"Chingwe! Bwanali anati chiyani chingwe chikatha?"

Sandalamu anali atakumbatira thumba la mpunga, maso ali psii. "Anati… anati oyera aja safuna madzi ambiri…"

"Za thanga, chitsiru iwe!"

Aka kanali koyamba kumva amuna anga akutchula mlamu wawo kuti iwe. Ndipo sindinawadzudzule.

Anaponda ndi mwendo wabwinowo pathabwa, n'kukoka ndi mphamvu zonse za ukali. Mfundo inang'amba mbale, thoo! Mbale imodzi inauluka, ndinaiona ikung'anima padzuwa, n'kulowa m'madzi, chubwi. Mbale ya mayi anga. Pamenepo nsungwi inamasuka, thanga lonse linatambasuka kamodzi, phwaa! Boti linapendekeka, madzi kulowa, ambulera ya a Esinati n'kupita kukaperekeza mbale ija.

Miyala inali pafupi ngati apa ndi pachigayo apo.

Bambo a Lute anayang'ana miyala, anayang'ana mlongo wawo. Ankadziwa chimene akutaya. Koma m'botimo munali anthu anayi.

"Esinati, gwira chiwongolero, kankhira uku, usasiye."

Ndipo anakwawa. Pamwamba pa matumba, bondo lotupa likukhukhuluzika pambuyo, mpeni uli kukamwa. Ine ndinakwawa pambuyo pawo nditagwira lamba wawo, ndikutukwana mtundu wawo wonse, kuyambira amalume awo mwini boti mpaka mbuzi ya kunyumba. Anafika kumphuno, anadula chingwe cha pansonga ya thanga, chinsalu n'kumangokupiza chabe ngati mbendera. Boti linaweramuka. Tinadutsa mwala womaliza moukhudza, n'kukatsakamira m'bango.

Sandalamu ankasanza. A Esinati anafinya chitenje chawo chatsopano, anakonza duku, n'kunena mawu awiri okha:

"Achimwene, mwakwawa."

"Ndakwawa," anatero amuna anga.

Yotamu anabwera kudzatenga boti tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe.

Tsono ine mtima sunagone. Ndinati mbale yanga singamire popanda ine kudziwa chifukwa chake. Mmawa mwake ndinamanga chitenje, ndinayenda ndekha mpaka ku Kamwala. Maluwa ndinawapezadi, ndisamunamizire mlongo wanga, analipo ambiri. Sindinawayang'ane kawiri. Ndinapeza Che Bwanali akupala thabwa, n'kuwafotokozera zonse.

Anagwira pakamwa. "Pepani, mayi. Komatu ndinamuuza mlongo wanuyo katatu. Katatu! Tandibwerekani chitenje chapamwambacho."

Tabweretsa chako, Mwandida, ndikuonetse mmene anandionetsera. Tambasula dzanja. Ndikukulunga mofewa, taona: kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, chatha. Tsopano ukoke mbali iyo mwamphamvu, iwe ndiwe mwera. Ndikukulunganso chomwechi: kamodzi, kawiri, katatu, kanayi. Chatha? Sichinathe. Kasanu, kasanu n'kamodzi. Waona? Usalire, dzanja silinaduke. Nsalu ikamakokedwa imathina, ikathina imafuna kuzungulira kambiri kuti ithe.

"Ndi zomwezo, mayi," anatero Che Bwanali. "Pamtunda popanda mphepo, kakhumi ndi kawiri kamakwana. Pamwera sikakwana. Ndiye pakagudumu mumaonjezerapo chingwe kasanu kapadera, chongokhala, chodikira tsiku loipa. Basi. Nzeru yonse ndi imeneyo."

"Kasanu?"

"Kasanu kokha. Mikono iwiri ya chingwe."

Mikono iwiri ya chingwe, ana inu. Inali pakhosi pa mbuzi yanga, kuseri kwa nyumba, ikudya msipu.

Che Bwanali anapukusa mutu. "Nanga achimwene anga aja osabwera okha bwanji? Anandiphunzitsa kupalasa ndi iwo aja. Ndikanabwera ndekha kudzawamangira, osalipira kanthu."

Mawu amenewo ndinawanyamula bwinobwino, osataya ngakhale limodzi panjira, n'kukawatula pamaso pa amuna anga. Anatuluka, anakamasula mbuzi, anatenga chingwe chija n'kupita nacho kwa Yotamu. Anamulumikizira okha, anamukulungira kasanu kapadera, pambale ina imene ndinaipereka ndekha, poti yotsalayo inalibenso mnzake.

Ndipo chinthu chija chinagwira ntchito, abale! Zaka ndi zaka, pamwera, pampoto, osakanika ngakhale tsiku limodzi. Bambo a Lute ankakhala pansi pa mtondo wa padooko, bondo atalitambasula, kumaonerera thanga lawo likudzikulunga bwinobwino m'manja mwa munthu wina. Yotamu ankawanyamula akafuna kupita kumsika. Ankawakhazika pakati, pamatumba, pamodzi ndi amayi ndi nkhuku.

Sandalamu? Ha! Iyeyo ndiye anapindula. Anakwatira Abiti Sumani chaka chomwecho, n'kukakhala chikamwini ku Kamwala, kumathirira maluwa mpaka ukalamba. Koma dzina lake linathera m'bango muja. Akabwera kudzacheza, amuna anga ankangoti, "Mayi a Lute, bisani mbatata, kwabwera a Kandimverere." Anthu padooko akafunsa kuti boti linapita bwanji, iwo ankayankha mawu amodzimodzi, mpaka asodzi anawatola, amalonda anawanyamula, lero mukuwalemba m'makope:

Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Tanthauzo lake ndi ili, tsegulani makutu. Munthu amene wamutuma kuti akakumverere amapita ndi makutu ake, osati ako. Amamva zimene zamukomera iyeyo. Sikuti amanama ayi. Sandalamu sananame, nsungwi inali yoona, kagudumu kanali koona, maluwanso anali oona. Koma bondo lotupa silinali lake, boti silinali lake, ndiye kena kake kakang'ono kamene kakanapulumutsa zonse anakasiya pabenchi n'kukagwira ndowa. Nkhani ikakhala yako, imene ikalakwika udzalire ndiwe, nyamuka upite wekha. Kaya ukutsimphina, kaya ukuchita manyazi ndi amene ukukamufunsayo, pita. Amuna anga anaopa kugwada theka la tsiku pakhomo pa mnzawo, n'kudzakwawa pamaso pa mlongo wawo.

Mwati chiyani kumbuyoko? Aphunzitsi anati mwambiwu ndi wakalekale, ine ndisanabadwe? Aphunzitsi akowo analipo m'botimo? Kapena anachita kutuma munthu?

Ndiye iwe Mwandida, ukudikiranso chiyani? Mnzakoyo ndamuona maso ake, akafika pageti pa sukulu pali anyamata ogulitsa mandasi, adzakuuza mtengo wa mandasi. Dzuka, thamanga. Chidebe chako chisiye pano, ndikuyang'anira ine.

Koma changa chibwere kutsogolo, chikhale pamalo pakopo. Nkhani sinenedwa yaulere.